Tsiku lobadwa la mwana lisatisiyire ngongole ndi katundu wosowa poika

Loweruka masana mukamayenda ku Chilobwe, ku Area 25, ku Chinamwali kapena ku Chibavi, simulephera kumva zokuzira mawu zikugunda kuseri kwa mpanda wina, mabaluni atamangidwa pageti. Ndi phwando la tsiku lobadwa la mwana. Mwambowu wakhazikika m'matauni mwathu, ndipo pawokha ulibe choipa. Mwana amene wapulumuka malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba mpaka kukwanitsa zaka zisanu ngoyenera kumuvinira. Chodandaulitsa n'chakuti ndalama zambiri za tsikuli zikuthera pa zinthu zimene mwanayo sadzazikumbukira, ndipo pofika Lolemba pakhomo pamatsala ngongole ya kubanki m'khonde ndi mulu wa mapulasitiki wosowa poika. Ine ndikuti phwando tilichepetse, ndalama yotsalayo timutengere mwana kumalo kumene akaone mbiri ya dziko lake ndi maso ake, ndipo sabata ya tsiku lobadwa ikhale nthawi yokhazikika yotulutsa m'nyumba katundu amene watha ntchito.

Tengani pepala muwerengere kumene ndalama ya phwando imalowa. Hema, mipando yobwereka ndi nsalu zake, dekoleshoni, DJ, jumping castle, wojambula zithunzi, keke yosanjikiza, matisheti osindikizapo nkhope ya mwana, timatumba ta mphatso topatsa alendo. Mupeza kuti chakudya chenicheni chimene ana adye ndi kagawo kochepa chabe. Zambiri mwa zinazo n'zoitanitsa kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, baluni, mbale ya pulasitiki ndi kagalimoto ka batire sizinabwererenso pa mtengo wakale. Nkhuku, mpunga wa Kilombero ndi mbatata ya kachewere ya ku Tsangano nazo zakwera, n'zoona, koma izi zimalowa m'mimba mwa ana ndipo ndalama yake imapita kwa mlimi wa konkuno. Dekoleshoni ija imaphwasulidwa dzuwa lisanalowe.

Ndiye pali nkhani ya mwini phwando. Munthu sakumbukira zimene zinachitika asanakwanitse zaka zitatu. Khanda la chaka chimodzi likazunguliridwa ndi anthu 80 ndi phokoso la zokuzira mawu limalira, limakana kunyamulidwa, kenako limagona keke isanadulidwe. Phwando la chaka choyamba ndi la makolo, ndipo palibe cholakwika kulitcha lotero: pemphero, agogo a mbali zonse ziwiri, nkhuku imodzi kapena ziwiri, maola awiri, basi. Mwana amayamba kumvetsa kuti tsikuli ndi lake pa zaka zinayi kapena zisanu, ndipo ngakhale pamenepo chimene amafuna ndi anzake amene amasewera nawo tsiku ndi tsiku, osati anzanu a kuntchito.

Kuchepetsa phwando sikutanthauza kumana. Kwathu kuno mukaitana ana khumi, pageti pafika khumi ndi asanu, ndipo kubweza mwana wa oyandikana nawo chifukwa alibe khadi ndi chinthu chimene anthu adzakukumbukirani nacho zaka zambiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Choncho pophika onjezerani theka la anthu amene mwaitana, ndipo chowonjezeracho chikhale cha zotsika mtengo koma zokhutitsa: mbuliuli, zitumbuwa, mandasi ang'onoang'ono, thobwa. Theka la kilogalamu ya chimanga cha mbuliuli limadzaza beseni.

Kwa anthu 20, tinene ana 12 ndi akulu 8, mpunga wa makilogalamu awiri ndi theka umakwana ndi kutsala. Nkhuku zitatu zimakwana ngati iliyonse yadulidwa nthuli zisanu ndi zitatu kapena khumi. Mbatata ya tchipisi ikhale makilogalamu anayi, mafuta malita awiri, kabichi mitu iwiri. Botolo limodzi la Sobo la malita awiri, mukalisungunula ndi magawo anayi a madzi, limatulutsa malita 10, amene ndi makapu 40. Yerekezani ndi mtengo wa makireti awiri a zakumwa za m'mabotolo. Madziwo akhale owiritsa kapena othira klorini, ndipo posamba m'manja wina azithirira ndi jagi, sopo ali pompo, osati ana onse kuviika manja m'beseni limodzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matendawa amafala mosavuta pamene anthu ambiri akudyera pamodzi.

Chimene chimaononga mapwando ambiri ndi nthawi yophikira. Amayi amadzuka 4 koloko m'mawa, mpunga wapsa pofika 8, koma chakudya chikugawidwa 3 koloko masana chifukwa DJ wachedwa kapena alendo olemekezeka sanafike. Mpunga wophika ukakhala wofunda kwa maola ambiri, tizilombo timene sitifa ndi moto timachulukana n'kutulutsa poizoni amene sachoka ngakhale mutautenthetsanso. Ndiye gwero la kusanza kumene kumagwira ana usiku wa phwando. Saladi ya mayonezi m'dzuwa la Okutobala ndi chimodzimodzi. Mpunga uphikidwe komaliza, chakudya chigawidwe pasanathe maola awiri chiphulireni, ndipo ana ayambe ndiwo kudya, akulu pambuyo. Osadikira munthu.

Keke yogula yokhala ndi kirimu wofewa imafuna fuliji, ndipo magetsi akazima usiku imafika patebulo itasungunuka kapena itasasa. Keke ya pakhomo siivuta monga ambiri amaganizira. Tengani majarini magalamu 250 ndi shuga magalamu 250, amene ndi kapu imodzi ndi kota, muzitakase mpaka zitayera ndi kufewa. Apa m'pamene ambiri amafulumira, koma pamafunika mphindi khumi ngati mukutakasa ndi dzanja. Thiranimo mazira anayi, limodzilimodzi. Sefani fulawa magalamu 250, pafupifupi makapu awiri, pamodzi ndi timasupuni tiwiri ndi theka ta baking powder, musakanize pang'onopang'ono ndi masupuni atatu a mkaka. Fulawa akangolowa, lekani kutakasa mwamphamvu, chifukwa keke imalimba ngati buledi. Mu uvuni ndi madigiri 180 kwa mphindi 45 mpaka 50 m'chitini cha masentimita 20 kapena 22.

Opanda uvuni agwiritse ntchito mbaula. Thirani mchenga wouma wokwana zala ziwiri kukhuthala pansi pa poto wamkulu, muutenthetse kwa mphindi 15, muike chitini cha keke pamwamba pa mchengawo, muvindikire ndi chivindikiro chachitsulo. Makala ambiri akhale pa chivindikiro, pansi atsale ochepa. Keke yopserera pansi koma yaiwisi pakati imatanthauza kuti moto wapansi unachuluka. Keke yogwa pakati imatanthauza kuti munavundukula msanga, choncho mphindi 30 zoyambirira musasuzumire. Mpeni ukatuluka woyera, yapsa. Isiyeni izizire kotheratu musanapake chilichonse. Nyengo yotentha sakanizani icing sugar magalamu 250 ndi masupuni awiri kapena atatu a madzi a mandimu. Zimenezi zimauma pakeke, sizisungunuka ngati za majarini.

Za jumping castle ndinene mosabisa: ngati palibe munthu wamkulu amene ntchito yake tsiku limenelo ndi kuima pakhomo pake, musabwereke. Chinthuchi chimaima ndi mpweya wa makina a magetsi, ndipo magetsi akazima chimafota ana ali mkati. Chimafunika kukhomeredwa pansi ngodya zonse, chifukwa mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala imatha kuchinyamula. Ana a zaka zitatu akalowa pamodzi ndi a zaka khumi, wamng'onoyo ndi amene amathyoka mkono. Zidutswa za baluni lophulika, mtedza, maswiti olimba ndi mbuliuli zimatsamwitsa ana osakwana zaka zinayi. Choopsa kwambiri ndi timabatire tozungulira ngati ndalama yachitsulo timene timakhala m'zoseweretsa zowala: mwana akameza, kamawotcha kummero m'maola ochepa, ndipo ameneyo ngothamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuona ngati katuluke. Phada, fulaye, jingo ndi chipako sizifuna magetsi, ndipo ana a m'tauni amene sanaseweko amazikonda akangophunzitsidwa.

Tsopano ndalama imene mwapulumutsa pa hema ndi DJ ipite kuti? Mabanja ambiri a mu Blantyre amadutsa pa Chichiri sabata iliyonse popita kokagula zinthu, koma ana awo sanalowepo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ili pamtunda pomwepo, pafupi ndi Civic Centre. Inatsegulidwa mu 1966. Panja pake pali mutu wa sitima yapamtunda yoyendera nthunzi, galimoto yakale yozimitsira moto ndi basi ya nthawi ya Nyasaland. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akaima pafupi ndi magudumu a sitimayo safuna kuchokapo. Mkati muli zida za makolo, mbiri ya malonda a akapolo, ndalama zakale, komanso mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981, wolemera makilogalamu oposa 90. Zimene mwana wa Sitandade 5 amaloweza pamtima m'kalasi, pano amaziona zili pamaso pake. Ndalama yolowera banja lonse siifika pa mtengo wobwerekera hema.

Kuchoka apo, Mandala House ili pafupi. Inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo ndiyo nyumba yakale kwambiri imene idakali chiimire m'dziko muno. Pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi yosunga mabuku ndi zithunzi zakale za dziko lino. Kwina n'ku Blantyre Mission, ku tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, m'busa amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, pamodzi ndi amisiri a konkuno amene anaumba ndi kuwotcha njerwa pamalo pomwepo. Muuzeni mwana ayende mozungulira khoma akuwerenga maonekedwe a njerwa: zina zopindika, zina zosongoka, zina zokhala ndi mizere. Akatswiri amati ilipo mitundu yoposa 80. Mwanayo akafunsa kuti anazikweza bwanji pamwamba popanda makina, ulendo wanu wapindula. Kumbukirani kuti Loweruka m'mawa kumakhala maukwati ndipo Lamulungu kumakhala mapemphero, choncho nthawi yabwino ndi pakati pa sabata pa holide, ndipo pemphani kaye chilolezo ku ofesi musanalowe ndi gulu la ana.

A ku Lilongwe ali ndi manda a Kamuzu Banda ku City Centre, amene anatsegulidwa mu 2006, okhala ndi nsanamira zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Ali ndi chipilala chokumbukira ankhondo ku Area 18, ndi nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Mwana wokulirapo, wa zaka 12 kapena kuposa, ngofunika ulendo wa tsiku lonse wa ku Mua, kumene Kungoni Centre, imene inayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, imasunga zigoba za gule wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kapena ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli zojambula za pamiyala m'malo 127, zimene UNESCO inazivomereza mu 2006. A ku Zomba ali ndi munda wa mitengo ndi maluwa wa Botanical Garden m'munsi mwa phiri, ndi chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles), gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda. Ku Mangochi kuli nyumba yosungiramo mbiri ya nyanja, ku Karonga kuli mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chakalekale cha mtundu wa dinosaur.

Ulendo wotere umaonongeka ndi umbombo wa makolo wofuna kuona zonse tsiku limodzi. Mwana wosakwana zaka zisanu ndi zitatu amatopa pakatha ola limodzi ndi theka akuyang'ana zinthu. Sankhani malo amodzi, awiri akachuluka. Funsiranitu masiku ndi maola otsegulira, ndiponso ngati pali wofotokozera alendo. Nyamukani m'mawa kuti mufike cha m'ma 9 koloko, ndipo mubwerere isanakwane 2 koloko, maminibasi asanayambe kudzaza ndi oweruka kuntchito. Wamkulu mmodzi asayang'anire ana oposa atatu, ndipo mwana aliyense akhale ndi kapepala ka nambala ya foni ya kholo m'thumba, komanso botolo lake la madzi. Kamba mutenge kunyumba: mazira owiritsa, nthochi, zotsala za keke. Mwini tsiku asankhe anzake awiri oti apite nawo. Mupatseni kope ndi pensulo kuti ajambule chinthu chimodzi chimene chamusangalatsa, alembe tsiku pansi pake. Foni yojambulira ikhale m'thumba mwanu nthawi zambiri, chifukwa mwana amene akuuzidwa kuti aime apa, amwetulire, sakuyang'ananso chimene munabwerera.

Wina anena kuti malo athuwa ngofumbira, zinthu zake sizisintha, ndipo zolembedwa zambiri zili m'Chingerezi. Pali choona pamenepo, ndipo boma liyenera kuikamo ndalama. Koma nyumba imene eni dziko salowamo ilibe woilankhulira pogawa ndalama za boma, ndipo kukhala pakhomo sikuikonza. Za Chingerezizo mankhwala ake muli nawo kale: tengani agogo. Agogo akaima kutsogolo kwa mvukuto, mkondo, nsengwa kapena mphika wofululira mowa, amafotokoza zimene palibe chikwangwani chingafotokoze, mpaka kutchula amene ankasula makasu kumudzi kwawo. Pa tsiku lomwelo mwana amve kwa iwo kuti dzina lake anamutcha ndani ndipo chifukwa chiyani, mfunda wake ndi uti, kwawo kwenikweni n'kuti. Pa phwando la DJ agogo amakhazikidwa pakona, mbale ili pamiyendo, osamvana ndi aliyense chifukwa cha phokoso.

Wina anena kuti ophika makeke, obwereketsa mipando ndi ojambula zithunzi nawo akufuna kudya. Zoona, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi ndi achinyamata amene alibe ntchito ina. Amene ali nazo ndalama m'manja agule keke kwa mayi wa m'dera lawo, alipire bwino. Chimene ndikutsutsa ndi phwando la ngongole. Ngati ndalama yake ikuchokera kwa katapila, amene chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, kapena ikudya fizi ya teremu ikubwerayi, ndiye kuti mwana yemweyo ndi amene adzalipire phwando lake pobwezedwa kusukulu. Ndipo kuopa kuti mwana adzaoneka wotsalira pakati pa anzake kumachepa mukamuuziratu mwezi wathunthu tsikulo lisanafike, n'kumulola kusankha yekha kumene akufuna kupita. Phwando lokulirapo likhoza kuchitika kamodzi pa zaka zingapo, monga pa zaka zisanu ndi pa zaka khumi, mutalisonkhera pang'onopang'ono.

Gawo limene ambiri saliganizira ndi la m'nyumba. Nyumba zambiri za lendi ndi za zipinda ziwiri kapena zitatu, koma katundu amalowa chaka ndi chaka osatuluka: zovala za pakaunjika zogulidwa chifukwa zinatchipa, zoseweretsa za phwando la chaka chatha, makope, mabotolo, makatoni a wailesi imene inafa kale. Zonsezi zimakathera kunsi kwa bedi ndi pamwamba pa wadirobu. Tsiku lobadwa ndi nthawi yabwino yochotsera chifukwa limabwera lokha chaka chilichonse, ndipo limakukumbutsani kuti mwana wakula, zina zamuthina.

Sankhani Loweruka lotsogolera tsiku lobadwalo, chipinda chimodzi chokha, maola awiri kapena atatu. Amene amatulutsa katundu wa nyumba yonse pabwalo nthawi imodzi, mdima umawapeza asanathe, n'kubwezera zonse mmene zinalili. Yalani mphasa, mupange milu inayi: zosunga, zopatsa ena, zogulitsa, zotaya. Mwana akhalepo, ayese zovala ndi nsapato. Nsapato imene siikusiya mpata wa chala chachikulu cha kudzanja kutsogolo kwa zala zake yamuthina, ngakhale ikuoneka yatsopano. Zosungira mng'ono wake zikhale zimene adzavale pasanathe zaka ziwiri. Kupitirira apo lasitiki amafa, nsalu imagwira fungo, ndipo mwana wa achimwene anu akanavala lero.

Zosungazo zichapidwe, ziume bwinobwino padzuwa, ziikidwe m'chidebe chotsekeka kapena m'sutikesi, mulembepo kuti ndi za msinkhu wanji. Makatoni ndi amene amabweretsa mavuto: mphemvu zimabisala ndi kuikira mazira m'timipata ta katoni, chiswe chimadya kuyambira pansi osaoneka, ndipo nthawi ya dzinja katoni yokhala pa simenti imakoka chinyezi, zovala n'kuchita chuku. Chilichonse chosungidwa chikhale pamwamba pa njerwa kapena thabwa, ndipo chisagunde khoma. Zoseweretsa zothyoka zokhala ndi nsonga zituluke. Zotsalazo muzichotse mabatire, chifukwa batire likakhalitsa limatulutsa madzi owononga. Makope a Sitandade 5 mpaka 8 asungidwe kufikira mayeso a Sitandade 8 atalembedwa, a Fomu 3 ndi 4 kufikira a MSCE. Pa enawo sungani limodzi kapena awiri osonyeza mmene mwana ankalembera, otsalawo apite.

Mapepala ofunika asiyanitsidwe ndi zonse: buku la kuchipatala la mwana, satifiketi ya kubadwa yochokera ku NRB, malipoti a kusukulu, masatifiketi a makolo, mapepala a malo. Aikeni m'chikwama chimodzi cha pulasitiki chosalowa madzi, pamalo okwera amene wamkulu aliyense wa m'nyumbamo akuwadziwa, ndipo pepala lililonse mulijambule pafoni. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu Marichi 2023, ambiri amene anapulumuka anatsala opanda pepala ndi limodzi lomwe losonyeza kuti iwo ndi ndani.

Mankhwala ndiwo oyenera kuunikidwa alendo ang'onoang'ono asanalowe m'nyumba. Mankhwala amadzimadzi a ana amene munachita kusungunula ndi madzi amatha mphamvu pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ngakhale tsiku la pabotolo lisanakwane. Mapiritsi otsala a malungo, ndi ena alionse amene tsiku lawo lapita, mukawasiye ku famase kapena kuchipatala, osawataya kudzala kumene ana amatola zinthu. Palafini, mankhwala a makoswe ndi a mbewu zakudimba asapezeke m'botolo la chakumwa. Pa tsiku la phwando ana amalowa paliponse, ndipo botolo la Fanta lokhala kuseri kwa chitseko kwa iwo ndi Fanta. Panja, matayala akutha, zitini ndi zidebe zosweka zichoke mvula isanayambe, chifukwa udzudzu umaswana m'madzi ochepa, ndipo kuchoka pa dzira kufika pouluka pamangotenga sabata imodzi kapena ziwiri.

Milu ija isagone m'nyumba kupitirira sabata, apo ayi imabwerera kunsi kwa bedi. Mabotolo ali ndi owafuna, ogulitsa thobwa ndi mafuta oyeza. Zitsulo zakutha zili ndi ogula amene amayenda m'makwalala. Mapulasitiki musawotche pakhomo, utsi wake ndi umene umadzutsa chifuwa cha mphumu mwa ana. Timapepala ta pulasitiki topyapyala tosakwana ma micron 60 kukhuthala kwake tinaletsedwa mu 2015 ndipo khothi lalikulu la apilo linatsimikiza chiletsocho mu 2019, choncho palibenso chifukwa chomangira mphatso za alendo m'timajumbo. Ndipo tsegulani makatoni a mphatso za pa ukwati wanu: mbale, makapu ndi masupuni amene akhala zaka zisanu ndi zitatu akudikira alendo apadera ndi amene ayenera kudyeredwa pa tsiku la mwana wanu, m'malo mogula mbale zotaya. Ana aang'ono apatsidwe mbale zachitsulo kapena za pulasitiki wolimba zimene muli nazo kale.

Popatsa ena, perekani chimene inu mungalole mwana wanu kuvala. Malaya ong'ambika ndi chikolopa, si mphatso ya kumudzi. Alipo amene amaopa kupereka zovala za mwana poganiza kuti wina angazigwiritse ntchito moipa, ndipo mantha amenewa ndi amene amadzazitsa masutikesi m'nyumba zambiri. Ngati muli otero, perekani kwa m'bale amene mumamukhulupirira kapena kudzera kumpingo ndi kumzikiti, koma zisaolere m'nyumba. Pali katundu wa mitundu iwiri amene simuyenera kumugwira nokha: wa amuna anu kapena akazi anu iwo palibe, ndi wa malemu. Zovala ndi ziwiya za malemu zili ndi eni ake oyenera kukhala pansi n'kugawa, ndipo kuzitulutsa chifukwa chofuna malo kumadzetsa milandu imene imatha zaka.

Pomaliza pa ntchitoyi pamafunika kutseka khomo limene katundu amalowera, ndipo khomo lake ndi mphatso. Azakhali, amalume ndi anzanu amagula kagalimoto ka batire chifukwa sadziwa chimene mwana akusowa. Auzeni, palibe chamanyazi: nsapato za kusukulu nambala yakuti, chikwama, dikishonale, buku la nthano la Chichewa, mpira, kapena kumulembetsa ku laibulale ya National Library Service. Amene ali ndi kabwalo alandire mbande ya papaya, imene imabereka chaka chisanathe kapena chitangotha, mwanayo aziithirira yekha. Choseweretsa chatsopano chikalowa, mwana asankhe chakale chimodzi chopatsa mnzake. Achibale a ku Johannesburg kapena ku UK amene amatumiza katundu kamodzi pachaka muwauze msinkhu weniweni, ndipo nsapato agule zokulirapo ndi nambala imodzi, chifukwa katundu wa pabasi kapena wa m'kontena amatha kufika phazi litakula kale. Amene akufuna kutumiza ndalama muwauze mtengo wa minibasi ndi wolowera ku Chichiri wa ana atatu ndi agogo, ndipo madzulo muwatumizire chithunzi cha zimene mwanayo wajambula m'kope muja.